Kujambula zithunzi za HDR zooneka monga momwe diso linaonera

Imani m'chipinda masana, kunja dzuwa likuswa mtengo, muyang'ane cha kuwindo. Maso anu akuona mpando uli pakona, akuona mizere ya matabwa a tebulo, ndipo akuonanso mitambo ndi masamba a mitengo kunjako. Tsopano tengani kamera mujambule malo omwewo. Chithunzi chituluka mwa njira ziwiri zokha: chipinda chioneka bwino koma windo liyera mbee ngati pepala, kapena kunja kuoneka bwino koma chipinda chida bii. Kamera yanu ilibe vuto. Diso limasintha lokha likachoka powala kupita pamdima, ubongo n'kumalumikiza zidutswazo ife osadziwa. Kamera imatsegula kamodzi n'kutseka, ndipo zomwe yatola pa kamphindi kameneko ndi zomwezo basi.

HDR, chidule cha mawu akuti high dynamic range, ndi njira yothetsera vutoli. Mumajambula malo amodzi kangapo, zithunzi zina zodera, zina zowalirapo, kenaka n'kuziphatikiza pakompyuta kuti chituluke chimodzi chosunga zonse za powala ndi za pamdima. Ambiri akamva HDR amakumbukira zithunzi zija za mitambo yakuda ngati utsi, makoma onyezimira ndi mitundu yolasa m'maso. Kumeneko ndi kupyola muyezo pokonza. HDR yabwino munthu saizindikira n'komwe. Amangoona kuti chithunzicho chili ngati iye mwini waima pamalopo. Malangizo onse ali m'munsimu akuloza kumeneko.

Muyezo womwe muyenera kuudziwa kaye

Ojambula amayeza kuwala ndi chomwe amachitcha stop. Stop imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri, kapena kukudula pakati. Mukachoka pa 1/250 ya sekondi kupita pa 1/125, shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, yakhala yotsegula nthawi yowirikiza kawiri, ndiye kuti mwaonjezera stop imodzi. Ma stop 10 ndi kusiyana kwa kuwala kopitirira pang'ono ka 1,000, chifukwa mukayamba ndi 1 n'kumachulukitsa ndi 2 kakhumi mumapeza 1,024. Makamera ambiri amakono, akamajambula RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yatola, zosakonzedwa) pa ISO yotsikitsitsa (ISO ndi muyezo wa momwe kamera imakuzira kuwala komwe yalandira), amatola ma stop apakati pa 12 ndi 14, koma ma stop a kumunsi kwenikweni amakhala odzaza timadontho tooneka ngati mchenga. Chipinda chamdima chokhala ndi windo loyang'ana kudzuwa chimapyola malire amenewa mosavuta.

Nzeru yophatikiza zithunzi siyachilendo. M'zaka za m'ma 1850, wojambula wa ku France Gustave Le Gray ankajambula nyanja pa galasi limodzi, thambo pa galasi lina, n'kuzisindikiza papepala limodzi, popeza zipangizo za nthawi imeneyo sizikanatha kutola zonse ziwiri pakamodzi. Mu 1997 Paul Debevec ndi Jitendra Malik anaonetsa masamu ophatikizira zithunzi zingapo kuti zipereke kuwala kwenikweni kwa malo, ndipo mu 2005 Photoshop CS2 inabwera ndi Merge to HDR. Kuchokera pamenepo aliyense wokhala ndi kamera ndi kompyuta anatha kuyesako kunyumba.

Gawo loyamba: onani ngati malowo akufunadi HDR

Jambulani chithunzi chimodzi choyesera, mutsegule histogram, kachithunzi ka pa sikirini ya kamera kooneka ngati mapiri, koonetsa kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzi. Kumanzere kwake ndi mdima, kumanja ndi kuwala. Mapiriwo akakwanira pakati osagunda makoma, chithunzi chimodzi cha RAW chikukwanirani, musadzivutitse. Akaunjikana kukhoma lakumanja ndi lakumanzere nthawi imodzi, pamenepo ndiye HDR ili ndi ntchito. Izi zimachitika kawirikawiri dzuwa likamatuluka kapena likamalowa, m'nyumba za mawindo akuluakulu, m'nkhalango momwe kuwala kukudutsa m'masamba, komanso usiku pamalo a magetsi owala. Tsiku la mitambo yokhayokha, kuwala kuli kofanana paliponse, HDR siionjezera kanthu.

Gawo lachiwiri: imikani kamera, mutseke zonse zomwe zimasintha zokha

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani musathamangepo. Pulogalamu yophatikiza imafuna zithunzi zofanana m'zonse kupatula kuwala kokha. China chilichonse chikasintha pakati pa chithunzi ndi chinzake, mudzalimbana nacho pakompyuta kwa maola.

Ikani kamera pa tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, miyendo yake iponde pouma. Kukakhala mphepo, kolekani chikwama chanu pakati pa miyendoyo kuti chiilemeretse, koma chisamalendewere n'kumagunda. Lenzi ikakhala ndi chochepetsa kugwedezeka, chizimitseni. Pa malenzi ena chimayamba kusakasaka kugwedezeka komwe kulibe, chithunzi n'kusuntha pang'ono. Pukutani galasi la kutsogolo, chifukwa HDR imakuza kafumbi kalikonse ndi chidindo chilichonse cha chala.

Sankhani RAW. Fayilo ya JPEG ili ndi ma bit 8, kutanthauza masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse kuchokera pakuda kufika poyera, ndipo kamera imakhala itataya kale zambiri poipanga. RAW ya ma bit 14 ili ndi masitepe 16,384. Ikani ISO pa nambala yotsikitsitsa ya kamera yanu, yomwe pa makamera ambiri ndi 100. White balance, yomwe imalinganiza mitundu ndi mtundu wa kuwala kwa pamalopo, muichotse pa auto, musankhe imodzi yokhazikika. Lozetsani focus pomwe mukufuna, kenaka muisinthire ku manual kuti isayendenso. Pa chithunzi chodetsetsa autofocus imatha kusochera.

Chotsalira ndi aperture, kabowo kolowera kuwala m'lenzi. Sankhani f/8 kapena f/11, musaikhudzenso. Chosintha chikhale liwiro la shutter lokha. Chifukwa chake n'chakuti aperture ikasintha, kukula kwa dera looneka bwino lomwe kutsogolo ndi kumbuyo kwa focus kumasinthanso, ngakhalenso kuda kwa m'makona a chithunzi. Ndinaliphunzira mowawa phunziroli tsiku lina madzulo pomwe ndinasiya kamera pa shutter priority, momwe kamera imasankha yokha aperture: zithunzi zisanu zinatuluka ndi ma aperture asanu, udzu wa patsogolo uli wakuthwa pa china, wosaoneka bwino pa china, ndipo palibe pulogalamu yomwe inatha kuzigwirizanitsa. Kuwala kwa tsiku limenelo sikunabwerenso. Ndiye gwiritsani ntchito manual kapena aperture priority, momwe aperture mumasankha nokha, ndipo auto ISO ikhale yozimitsa.

Gawo lachitatu: yezani nsonga ziwiri za kuwala

Ambiri amangotchera kamera pa zithunzi zitatu, za ma stop -2, 0 ndi +2, n'kujambula. Nthawi zambiri zimatheka, koma pamalo ovuta mumabwerera kunyumba ndi windo loyerabe mbee. Njira yodalirika ndi kuyeza.

Muli pa manual, fulumizitsani shutter mpaka malo owalitsitsa omwe mukufuna kuti aoneke, monga mitambo ya pawindo, asiye kuphethira pa sikirini (kuphethirako ndi chenjezo la kamera lakuti malowo awala mopyola) ndipo histogram ichoke kukhoma lakumanja. Lembani nambalayo. Tiyerekeze kuti ndi 1/1000. Kenaka chedwetsani shutter mpaka malo odetsetsa, monga pansi pa tebulo, afike chapakati pa histogram. Dziwani kuti ndati chapakati, osati kungochoka pakhoma lakumanzere. Cholinga n'chakuti mithunzi ijambulidwe ndi kuwala kokwanira kuti isadzakhale ndi mchenga uja. Tiyerekeze kuti apa mwapeza 1/4 ya sekondi.

Tsopano werengani kuchokera pa 1/1000 kufika pa 1/4, mukudumpha ma stop awiriawiri: 1/1000, 1/250, 1/60, 1/15, 1/4. Ndi zithunzi zisanu, zotambasuka pa ma stop 8. Pa RAW kudumpha ma stop awiri kulibe vuto, chifukwa chithunzi chilichonse chimalowerera kwambiri m'dera la chinzake. Ngati mukujambula JPEG, dumphani stop imodziimodzi. Kuchulutsa zithunzi kopanda chifukwa sikuthandiza: zikachuluka, nthawi imatalika, mitambo imayenda, nthambi zimagwedezeka.

Dzuwa lenilenilo likakhala m'chithunzi, musalimbane nalo. Lisiyeni liyere, pakuti ngakhale maso athu saona kanthu m'kati mwake. Ndipo musaliyang'ane kudzera pa kagalasi koonera ka kamera ya DSLR, makamaka ndi lenzi yokoka zakutali. Yang'anani pa sikirini yakumbuyo, ndipo musailozetse kudzuwa nthawi yaitali.

Gawo lachinayi: jambulani osagwira kamera

Makamera ambiri ali ndi auto exposure bracketing, yolembedwa AEB kapena BKT, yomwe imasintha shutter yokha. Ena amalola zithunzi zitatu zokha, ena zisanu, zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zinayi. Tcherani timer ya masekondi 2 kapena gwiritsani ntchito rimoti. Pa makamera ambiri, timer ikatha, gulu lonse limajambulidwa motsatizana inu manja ali m'thumba. Ngati kamera yanu imalola zitatu zokha pomwe mukufuna zisanu, zungulizani gudumu la shutter ndi dzanja, mofatsa kwambiri, n'kudikira kamera ikhazikike musanajambule chotsatira.

Kanthu kakang'ono komwe kadzakupulumutseni: mukamaliza gulu limodzi, jambulani chikhatho chanu kutsogolo kwa lenzi. Madzulo mukadzatsegula zithunzi 200 zofanana, zikhathozo zidzakuuzani pomwe gulu lina lathera ndi pomwe lina layambira.

Musanachotse tripod, onani zithunzi ziwiri zokha. Chodetsetsa chisakhale ndi malo ophethira, kupatula dzuwa kapena babu. Chowalitsitsa chionetse bwinobwino zonse za m'mithunzi. Chimodzi chikalephera, onjezerani chithunzi china mbali imeneyo nthawi yomweyo.

Mukapanda kukhala ndi tripod, zimathekabe: tsamirani khoma, zigongono zikhale pamimba, ikani kamera pa kujambula mothamanga, ndipo muonetsetse kuti chithunzi chowalitsitsa chili ndi shutter yofulumira moti dzanja lingaipirire. Apa kukweza ISO pang'ono kuli bwino kuposa chithunzi chogwedera.

Gawo lachisanu: phatikizani

Mapulogalamu alipo ambiri. Lightroom inayamba kuphatikiza HDR mu 2015. Mumasankha zithunzi zanu, n'kupita pa Photo Merge, kenaka HDR, ndipo imatulutsa fayilo ya DNG yomwe mumaikonza ngati RAW wamba, kungoti kotsetsereka ka Exposure, kosinthira kuwala kwa chithunzi chonse, kamafika pa ma stop 10 mbali iliyonse m'malo mwa 5. Photomatix ndi pulogalamu yakalekale yopangidwira ntchito yomweyi. Zaulere ziliponso: Luminance HDR, darktable, komanso Hugin yomwe imabwera ndi tizida tiwiri, align_image_stack kolinganizira zithunzi kuti zigwirizane ndendende ndi enfuse koziphatikiza.

Musanaphatikize musasinthe kuwala kwa chithunzi chilichonse. Chomwe mungachite ndi kukonza zolakwika za lenzi, makamaka timizere tofiirira ndi tobiriwira ta m'mphepete mwa zinthu zowala, ndipo muchite chimodzimodzi pa zonse. Yatsani auto align, yolinganiza zithunzi kuti zigwirizane ndendende, ngakhale munali pa tripod; kusuntha kwa ma pixel, timadontho topanga chithunzi, awiri okha kumafewetsa chithunzi chonse.

Kenaka pali nkhani ya mizukwa. Munthu akadutsa, kapena nthambi ikagwedezeka pakati pa zithunzi, amaoneka kawiri kapena katatu, mbuu ngati mzukwa. Mapulogalamu ali ndi deghost, yomwe imatenga dera losunthalo kuchokera pa chithunzi chimodzi chokha. Yambani ili yozimitsa, muikweze pokhapokha mwaona mzukwa, ndipo muime pa mlingo wotsikitsitsa womwe wathetsa vutolo. Mukaikweza kwambiri, imatenga madera akuluakulu kuchokera pa chithunzi chimodzi, ndipo mchenga womwe munauthawa umabwereranso m'zigamba.

Enfuse imayenda njira ina, yomwe Tom Mertens, Jan Kautz ndi Frank Van Reeth anaifotokoza mu 2007. Siipanga fayilo ya HDR ayi. Imangosankha pa chithunzi chilichonse madera omwe anajambulidwa bwino n'kuwasokerera pamodzi mosaonetsa msoko. Zotuluka zake zimakhala zachibadwa kwambiri, ndipo kwa woyamba kumene ndi poyambira pabwino.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tone mapping, pomwe zithunzi zambiri zimafera

Fayilo yophatikizidwa ija ili ndi kuwala kochuluka kuposa komwe sikirini wamba kapena pepala lingaonetse. Muyenera kukupanikiza kuti kukwanire, ndipo ntchito imeneyi ndiyo tone mapping. Pali kupanikiza kwa chithunzi chonse mofanana, komwe kumasunga chilengedwe koma kumatha kusiya chithunzi chozizira. Palinso kupanikiza kwa dera ndi dera, komwe kumayang'ana pixel iliyonse poyerekeza ndi zoyandikana nazo; kumeneku kumatulutsa tinthu ting'onoting'ono tobisika, koma ndi komwenso kumabala zoipa zonse zomwe anthu amadana nazo HDR.

Yambani ndi Exposure, muike pakati pa chithunzi pomwe mukufuna. Tsitsani Highlights mpaka mitambo ioneke, muime pomwepo. Kwezani Shadows mpaka za mumdima zizindikirike, osati mpaka ziwale. Kenaka bwezerani nsonga ziwiri: pakhale kadera kakang'ono kakuda bii ndi kadera kakang'ono koyera mbee. Chithunzi chopanda chakuda chenicheni chimaoneka ngati chaphimbidwa ndi fumbi.

Lamulo lomwe ndimaligwiritsitsa ndi ili: chomwe chinali chowala kuposa chinzake pamalopo chikhalebe chowala kuposa chinzake m'chithunzi. Thambo la masana liwale kuposa nthaka. Kunja kwa windo kuwale kuposa khoma la m'chipinda. Mukatembenuza dongosolo limeneli, woona sangathe kutchula chalakwika, koma mtima wake umakana. Mthunzi si mdani. Ndi mthunzi womwe umaonetsa kuti mwala ndi wobulungira, kuti khonde ndi lakuya, kuti dzuwa linali mbali iti. Munajambula chithunzi cha 1/4 chija kuti mthunzi ukhale wosalala bwino wopanda mchenga, osati kuti muufafanize.

Yang'anitsitsani pomwe chinthu chakuda chakumana ndi thambo, monga denga, phiri kapena nthambi. Mukaona mkombero wowala ukutsata m'mphepete mwake, mwapanikiza kwambiri dera ndi dera. Bwezani Clarity, Strength kapena Detail, malinga ndi dzina lomwe pulogalamu yanu yapereka. Mkomberowu umabisala mukakuza chithunzi, koma umaonekera poyera mukachichepetsa kukhala kakang'ono ngati sitampa, ndiye muzichiona m'njira zonse ziwiri. Onaninso mitambo yoyera: ikasanduka yotuwa ngati phulusa, Highlights mwatsitsa mopyola.

Mitundu nayo imakwera yokha mukamapanikiza kuwala, makamaka wobiriwira wa udzu ndi wofiirira wa dzuwa lolowa. Nthawi zambiri ndimatsitsa Saturation pang'ono m'malo moikweza. M'chipinda, kuwala kwa babu kumakhala kwachikasu pomwe kwa pawindo kumapita ku buluu. Konzani mbali iliyonse payokha ndi burashi ya m'pulogalamuyo, koma musazifananitse kotheratu, pakuti kusiyana pang'onoko ndi komwe kumauza diso kuti uku ndi kunja, uku ndi m'kati.

Ndipotu burashi ndi mask, zida zokonzera dera limodzi lokha, zimaposa kotsetsereka kalikonse kokhudza chithunzi chonse. Ngati pakona imodzi yokha ndi pomwe pada, walitsani pakonapo, kwina kusiyeni. Mukaona kuti mwamaliza, chokanipo kwa mphindi khumi. Maso amazolowera msanga zopyola muyezo. Mukabwerera, ikani chithunzi chapakati cha gulu lija pambali pa chomwe mwakonza, mufunse ngati chatsopanocho chikuonekabe ngati malo omwewo pa ola lomwelo.

Gawo lomaliza: sungani

Sungani ma RAW onse ndi fayilo yophatikizidwa, ya DNG, ya TIFF ya ma bit 16, kapena ya OpenEXR, mtundu womwe kampani ya Industrial Light & Magic inautulutsa poyera mu 2003. Mapulogalamu amapita patsogolo ndipo luso lanu lidzakula; mudzafuna kubwererako. Chotumiza pa intaneti chikhale JPEG ya sRGB.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza anthu masiku ano. Masikirini atsopano a mafoni, makompyuta ndi ma TV amatha kuwala kwambiri pamalo owala, ndipo nawonso amatchedwa HDR. Imeneyo ndi HDR ya poonetsa, pomwe yomwe tafotokoza apa ndi ya pojambula. Ziwirizi zimakumana bwino: fayilo yanu yophatikizidwa ili kale ndi kuwala komwe sikirini yotere ikufuna. Kuyambira mu 2023, Lightroom imalola kukonza chithunzi cha sikirini ya HDR, ndipo Android 14 inabweretsa Ultra HDR, JPEG yonyamula kachithunzi kena kobisika kouza sikirini pomwe iwalitse. Mukatulutsa chithunzi chotere, chioneninso pa sikirini wamba, chifukwa ambiri adzachionera pamenepo.

Foni yanu nayonso imachita HDR payokha. iPhone inayamba mu 2010, ndipo lero mafoni ambiri amajambula zithunzi zingapo mwakachetechete nthawi iliyonse mukadina. Koma foni imakusankhirani kuchuluka kwa mthunzi wotsala. Ngati ili ndi pro mode yolola kusintha shutter ndi ISO, mungatsate magawo onsewa ndi foniyo, itatsamira pa mabuku.

Poyeserera koyamba, bwererani m'chipinda chija cha windo. M'menemo mulibe mphepo, ndipo kuwala kwa masana sikuthawa msanga ngati kwa madzulo. Yezani nsonga ziwiri, jambulani gulu lanu, muliphatikize kawiri, kamodzi ndi enfuse, kamodzi ndi tone mapping. Kenaka nyamulani kompyuta kapena foni, mukaime pomwe panali tripod, muone ngati pansi pa tebulo pa sikirini pada mofanana ndi pansi pa tebulo lomwe lili patsogolo panu.